Lekani kuwauza a ku Kandeu kuti abwerere kumudzi

Pali mawu amene sachedwa kutuluka pakamwa pa anthu ochita bwino m'mizinda ya dziko lino zinthu zikasokonekera. Mavenda akadzaza m'misewu, matenda a kolera akabuka, mtsinje ukakokolola nyumba, kapena mbava zikathyola golosale usiku, pa wailesi ndi kumayadi komwe yankho limakhala limodzi: anthuwa achulukitsa m'tauni muno, abwerere kumudzi akalime. Chodabwitsa n'chakuti oyankhulawo amamwa tiyi wowiritsidwa ndi mtsikana wa ku Ntcheu, amagona tulo tabwino chifukwa pageti pali mlonda wochokera kumudzi, ndipo tchipisi cha ana awo ndi cha mbatata ya kachewere yolimidwa ku Tsangano. Mawu amenewa ndi achinyengo. Ndi njira yothawira udindo, ndipo akuwononga mizinda yomwe owanenawo amati akuiteteza.

Kandeu ndi malo a malonda m'dera la Inkosi Ganya, m'boma la Ntcheu, kumene anthu amalima chimanga, mtedza, soya ndi nandolo. Boma limeneli linakhala pakatikati pa mizinda iwiri ikuluikulu. Munthu akangofika pa msewu wa M1, kumpoto ndi ku Lilongwe, kummwera ndi ku Blantyre, ndipo mitunda yake siisiyana kwenikweni. N'chifukwa chake mabanja ambiri a kuderali ali ndi mwana, mlamu kapena malume ku Chinsapo, ku Kawale, ku Ndirande kapena ku Bangwe. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 659,608 m'boma la Ntcheu, pomwe zaka khumi m'mbuyo mwake analipo pafupifupi 470,000. Anthu akuchuluka koma nthaka siikukula. Munda umene agogo ankalima okha lero wadulidwadulidwa pakati pa zidzukulu, ndipo m'midzi yambiri, kumene malo amatsatira kuchikazi, mnyamata wosakwatira alibe pake penipeni poti n'kugwetsapo khasu.

Wouzidwa kuti abwerere akalime ali ndi funso limene palibe amene amaliyankha: akalime pati?

Mnyamata wa ku Kandeu wokwera minibasi ya ku Lilongwe amayamba kuuona mzindawu kumene akuluakulu sapondako. Akadutsa Dedza, Nathenje ndi Nanjiri, chimene chimamulandira si nyumba ya malamulo kapena Capital Hill ayi. Amafikira ku Area 36 ndi msika wa Wakawaka, kumene matumba a mbatata, kabichi ndi madengu a tomato amatsitsidwa kusanache. Kenako Biwi ndi Mchesi, kwa amakanika, owotcherera zitsulo ndi akalipentala ogwira ntchito pamtetete, mpaka kukatsikira ku depoti. Kumeneko amakumana ndi phokoso la oitanira, utsi wa pachiwaya ndi chipwirikiti cha msewu wa Malangalanga. Akatsetsereka kulowera ku mtsinje wa Lilongwe amapeza msika wa ndiwo zamasamba wa Lizulu, dzina la kwawo ku Ntcheu, ndi msika wa kaunjika wa Tsoka, kumene anthu anakhoma timilatho tamatabwa n'kumalipiritsa owoloka. Timilatho timeneto ndi umboni wokwanira: pamene oyenda pansi anasowa powolokera, anthu wamba anadzikhomera okha.

Lilongwe weniweni ndi ameneyu. Lipoti la bungwe la UN-Habitat la mu 2011 linasonyeza kuti anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse a mumzindawu amakhala m'madera omwe anamangidwa popanda pulani. Ndiye kuti amene akunenedwa kuti achulukitsa ndiwo mzindawo. A kumayadi ndiwo ochepa.

Zinthu sizinafike pamenepa mwangozi. Pa kalembera wa mu 1966, Lilongwe anali katauni ka anthu osakwana 20,000. Kamuzu Banda ataganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, Britain sinafune kuikapo ndalama, ndipo amene anathandiza ndi boma la tsankho la South Africa, lomwe mu 1968 linapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni. Pulani ya mzindawu inajambulidwanso ndi akatswiri a ku South Africa komweko, ndipo bungwe la Capital City Development Corporation ndilo linayendetsa ntchito yomanga mpaka likulu linasamuka mu 1975. Pulaniyo inaumwaza mzinda: maofesi a boma ku Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, misika ndi depoti ku Old Town, bwalo la ndege ku Lumbadzi, pakati pake nkhalango ndi madambo. Nyumba za mabwana zinamangidwa pafupi ndi maofesi, ku Area 10, 12 ndi 43. Anthu wamba anapatsidwa mapuloti akutali, monga ku Area 25, kuti akadzimangire okha. Unali mzinda wokonzedwera munthu wa galimoto m'dziko la anthu oyenda wapansi. Ngakhale manambala a ma Area amamusokoneza mlendo, popeza satsatira kuyandikana kwa madera: wofuna Area 18 amadabwa kuipeza kufupi ndi Area 47, osati kumene akanayembekezera.

Akatswiri aja anaiwala chinthu chimodzi. Nyumba ya bwana siiyenda popanda wophika, wochapa, wosamalira maluwa ndi mlonda, ndipo anthu amenewa sangakwanitse minibasi tsiku ndi tsiku. Choncho pambali pa dera la olemera panaphuka dera la osauka. Area 47 ili ndi Mtandire wake. Area 12 ili ndi Kauma. Kanengo ali ndi Mgona. Wofuna kuudziwa mzindawu akaime pa malire a Area 47 ndi Mtandire mbandakucha: adzaona chimzere cha anthu chikutuluka m'tinjira tafumbi kulowa kumayadi, ndipo dzuwa likamalowa chimzere chomwecho chikubwerera. Tsiku limene anthu amenewa adzamveredi langizo lija n'kukwera minibasi ya kumudzi, kumayadi sikudzaphikidwa nsima.

Blantyre ndi wakale, koma nthenda yake ndi yomweyo. Amishoni a Church of Scotland anafika mu 1876, nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamalizidwa mu 1891, ndipo mu 1956 tauniyi inaphatikizidwa ndi Limbe. M'nthawi ya atsamunda azungu anatenga malo abwino monga Sunnyside ndi Mandala, amwenye anakhala kufupi ndi masitolo awo, pomwe anthu akuda ogwira ntchito anakankhidwira m'midzi ya m'mphepete monga Ndirande. Ufulu wa mu 1964 unasintha khungu la okhala kumayadi, koma mapu sanasinthe. Wa ku Kandeu wodutsa Zalewa, Lirangwe, Lunzu ndi Kameza n'kukatsikira pa depoti ya Wenela amaona zomwezo: Nyambadwe wa mipanda italiitali wayandikana ndi Mbayani ndi Ndirande, ndipo mafakitale a ku Makata amadzuka ndi anthu otsika wapansi kuchokera m'tsinde mwa phiri la Ndirande.

Mu 1977 Lilongwe anali ndi anthu pafupifupi 99,000. Pofika mu 2008 anali ataposa Blantyre, ndipo mu 2018 anawerengedwa anthu 989,318, pomwe Blantyre anali ndi 800,264. Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Makhonsolo akhala akuwatenga a ku Mtandire ndi ku Ndirande ngati mame amenewo, kudikira kuti dzuwa likakwera achoka okha. Papita zaka makumi asanu, anthuwo alipobe, ndipo ana obadwira komweko lero ali ndi ana awo.

Ndipo m'madera amenewa simuli misozi yokhayokha. Muli mabanki mkhonde a amayi, makwaya a mipingo, timagulu ta mpira tosewera pa mabwalo afumbi, matelala, ometa, ogulitsa makala ndi aphunzitsi a sukulu za mkaka. Muli landilodi amene anayamba ndi chipinda chimodzi cha zidina lero ali ndi mdadada wa zitseko zingapo, ndipo ndiye akugoneka anthu amene boma ndi Malawi Housing Corporation analephera kuwamangira. Wofika kumene kuchokera ku Kandeu sagona panja: amafikira kwa achimwene kapena kwa wakwawo, amene amamusonyeza kokaoda katundu, siteji yokwerera ndi njira zachidule. Umu ndi mmene mzinda umalandirira alendo ake popanda ofesi iliyonse kuikapo tambala.

Wosauka amaudziwa mzinda ndi mapazi, ndipo kwa zaka zambiri kuyenda kumeneko kunali mlandu. Mu Malichi 2015, Mayeso Gwanda, venda wogulitsa majumbo, ananyamuka kunyumba kwake ku Chilomoni kusanache kupita ku Limbe kukachita malonda. Apolisi anamugwira panjira n'kumutsekera pa mlandu wa vakabu. Sanabe kanthu, sanamenye munthu. Anangopezeka pamsewu pa nthawi imene wa galimoto akanadutsa osafunsidwa ndi wina aliyense. Gwanda sanagonje. Anakasuma ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo mu Januwale 2017 oweruza atatu anagamula kuti gawo la lamulo la vakabu, ndime 184, limene anamumangira likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Lamulo limenelo linabwera ndi atsamunda, ndipo muzu wake ndi lamulo la ku England la mu 1824. Mu Disembala 2020 bwalo la Africa loona za ufulu wa anthu, lomwe limakhala ku Arusha, linanenanso kuti malamulo a vakabu amaphwanya ufulu wa osauka. Gawo lija linagwa, koma maganizo amene analibala akadali moyo, oti wosauka akapezeka m'tauni ndiye kuti wabwerera zoipa.

Maganizo omwewa ndiwo anabala Operation Dongosolo mu 2006, pamene boma la Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu. Misewu inayera kwa kanthawi, kenako mavenda anabwerera, ndipo kuyambira pamenepo n'kuthamangitsana kosatha: asilikali a khonsolo kulanda tomato, amayi kuthawa mabeseni ali pamutu, mawa lake aliyense ali pamalo pake. Palibe amene akunena kuti malonda azichitikira pakati pa msewu. Koma venda amatsatira wogula, ndipo msika woikidwa kumene sikudutsa anthu umangokhala mabenchi opanda kanthu. Khonsolo imene imadula tikiti tsiku lililonse m'misika ndiyo iyenera kufotokoza chifukwa chake misika yambiri ilibe zimbudzi zokwanira, madzi, ngakhale potaya zinyalala.

Pa mayendedwe pakuonekanso kumene mtima wa olamula uli. M'zaka zaposachedwa Lilongwe waona misewu yokongola: mlatho wodutsana pamwamba wa ku Area 18, ndi kukulitsidwa kwa misewu ya Kenyatta ndi Mzimba komwe kunayamba mu 2021. N'zosangalatsa kuona, koma akupindula ndani? Mabasi a m'tauni omwe ankayendetsedwa ndi United Transport Malawi, kenako Stagecoach, anatha kalekale, ndipo chimene chinalowa m'malo mwake ndi minibasi ndi kabaza basi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta anakwera, minibasi zinakwera, ndipo amene malipiro ake sanasunthe anangotsala ndi miyendo yake. Ku Tanzania, mzinda wa Dar es Salaam unatsegula mu 2016 njira ya mabasi akuluakulu okhaokha kuchokera ku Kimara kukafika ku Kivukoni. Mabasiwo ali ndi mavuto awo, amadzaza mosefukira, koma akusonyeza kuti wina anaganizira khamu la anthu. Msewu wa mizere isanu ndi umodzi wopanda basi ya anthu wamba umapindulira eni galimoto, pomwe msonkho womangira amakhoma ndi aliyense, ngakhale wogula sopo pa okala ya ku Chinsapo.

Pa madzi ndi pamene tsankho limaonekera poyera. Mu Julayi 2017 zonyansa za m'mapaipi a suweji zinalowa m'mipopi ya madzi akumwa ku Area 18. Dziko linagwedezeka, nyuzipepala zinalemba, ndipo anthu a kumeneko anakamang'ala kukhothi. Anachita bwino. Koma ku Mgona ndi ku Mtandire, kumene zitsime zosaya zinakumbidwa moyandikana ndi zimbudzi, madzi oipa ndi nkhani ya dzinja lililonse, ndipo maloya sapondako. Mayi wa kumeneko amalawirira kukaika ndowa pamzere pa kiyosiki, ndipo mpopi ukauma amatsetserekera kudambo. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700, ndipo m'mbiri ya dziko lino simunaonekepo kolera woopsa chotero. Mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa ndi masabata awiri, ndipo ana a kumayadi nawo anakhala pakhomo. Tizilombo ta kolera sitiopa mpanda wa njerwa. Wantchito amene wagona ku Kauma ndi yemweyo akutsuka mbale ku Area 12.

Kenako pali madzi osefukira. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kuwononga nyumba ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena sanapezeke. Maliro asanathe, ena anali atayamba kale kunena kuti anthuwo anaziputa dala pomanga m'phiri. Koma munthu samanga m'phiri kapena m'mbali mwa mtsinje chifukwa chokonda kamphepo kayaziyazi. Amamanga pamene ndalama yake yafika. Puloti ya boma kapena ya khonsolo imafuna kudikira zaka ndi thumba lolemera, pomwe ya m'phiri imagulidwa tsiku limodzi, amfumu a m'tauni akuchitira umboni. Nyumba zimenezo zinamangidwa masanasana, chaka ndi chaka, akuluakulu akuona. Kuloza chala omwalira n'kophweka. Chovuta, chimene makhonsolo akuchizemba, ndi kutsegula malo otetezeka amene mlonda angathe kugula.

Ena anganene kuti Malawi ndi dziko la alimi, ndipo mizinda yake siingathe kulandira aliyense. Mfundoyi siyopanda pake. Ntchito za m'mafakitale n'zochepa, ndipo achinyamata ambiri ofika m'tauni amathera pa ganyu, pa kabaza kapena kuyendayenda ndi mazira owiritsa. Koma kalembera wa mu 2018 anasonyeza kuti ndi anthu 16 okha pa 100 alionse amene amakhala m'matauni, chiwerengero chotsika zedi poyerekeza ndi Zambia kapena Tanzania. Anthu a m'tauni sanachuluke m'Malawi. Mizinda ndiyo sinakonzekere ngakhale ochepa amene alipowo. Boma, m'masomphenya a Malawi 2063 omwe linakhazikitsa mu Januwale 2021, linaika kukula kwa mizinda kukhala imodzi mwa nsanamira zitatu za chitukuko. N'zosamveka kulemba m'buku kuti mizinda ikule, kenako n'kumatuma apolisi kukathamangitsa amene akuikulitsa.

Komanso a ku Ntcheu sanayambe lero kuyenda. Agogo awo anapita ku Joni kudzera ku bungwe la Wenela, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ndipo ena sanabwerenso, anasanduka machona. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74, Kamuzu analetsa ulendo wa ku migodi kwa zaka zingapo, pa nthawi imene ntchito yomanga likulu latsopano ndi ya m'maesiteti a fodya inali kukoka anthu. Ulendo sunathe, unangosintha kolowera. Wofuna kudziwa kumene mawu oti bwererani kumudzi amathera ayang'ane ku Zimbabwe. Mu 2005 boma la Robert Mugabe linagumula nyumba ndi misika ya osauka pa ntchito yotchedwa Murambatsvina. Lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena popezera ndalama. Pakati pawo panali zidzukulu za Amalawi, zobadwira m'malokesheni a Harare monga Mbare, zomwe zinalibe mudzi uliwonse wobwererako. Harare sanakhale waukhondo chifukwa cha zimenezo. Umphawi unangosunthidwa, ndipo mu 2008 mzindawo unagwa m'mliri woopsa wa kolera.

Koma mlandu suli kwa makhonsolo okha. A ku Kandeu okhala m'tauni nawo ali ndi gawo lawo, ndipo ayenera kuuzidwa mosapsatira. Ambiri anavomera okha kuti ndi alendo. Munthu wakalambira ku Chinsapo, ana ake onse anabadwira ku chipatala cha Bwaila, koma akafunsidwa amati kuno tangobwera kudzagwira ntchito, kwathu n'ku Ntcheu. Kukonda kwawo sikulakwa. Kupita ku mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, kutumiza ya feteleza pa foni, kukaika maliro kumudzi, zonsezi n'zoyamikika. Cholakwika n'chakuti ngalande ya pakhomo pake ikatsekeka amati si yanga, dzina la khansala wa dera lake salidziwa, ndipo msonkhano wa chitukuko ukaitanidwa amati watanganidwa. Amene wadzitcha yekha mlendo amachita manyazi kufunsa kumene yapita ndalama ya tikiti ya kumsika.

Andale amazidziwa zimenezi. Kuyambira mu 2005 mpaka mu 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, chifukwa zisankho za makhonsolo zinkangosunthidwa. Zaka zonsezo madera opanda pulani anapitiriza kukula popanda wowayankhulira m'khonsolo. Mphamvu zinatsalira kwa mafumu a m'tauni ndi mabulokulida, amene lamulo la mafumu la mu 1967 siliwapatsa ulamuliro m'mizinda, koma ndiwo amaweruza mikangano ya malire, kulengeza maliro ndi kuchitira umboni pogulitsana malo.

Umboni woti zinthu zingasinthe uli ku Mtandire komweko. Mu 2003 amayi a kumeneko anayamba timagulu tosunga ndalama pang'onopang'ono, ndipo timaguluto tinakula n'kukhala mgwirizano wa anthu osowa nyumba, wogwira ntchito limodzi ndi bungwe la CCODE. Anakambirana ndi akuluakulu mpaka anapatsidwa mapuloti oposa 200 ku Area 49 ndi oposa 400 ku Angelo Goveya ku Blantyre. Anaumba okha zidina n'kumanga nyumba ndi ngongole zazing'ono za thumba lawo la Mchenga. M'madera ena anayenda khomo ndi khomo kuwerenga mabanja, zimbudzi ndi mipopi, n'kujambula mapu amene khonsolo inalibe. Sanadikire kuitanidwa. Anadziyesa eni mzinda, ndipo khonsolo inakhala nawo pansi.

Pali nkhani inanso imene makolo a ku Kandeu sayenera kuitsinzinira. Wachibale wa m'tauni akabwera pa Khirisimasi atatchena, sanena kuti amagona m'chipinda chimodzi cha lendi ndi ana ake onse, kapena kuti ufa amagula wa walkman wongokwanira tsiku limodzi. Amati kutauni kuli sukulu zabwino, ndipatseni mtsikanayu ndikamuphunzitse. Ambiri mwa atsikana otere sukuluyo saiona. Amathera kulera ana a eni nyumba ndi kukolopa, malipiro ake chakudya ndi zovala zakutha. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo kuyambira mu 2015 pali lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu. Kuteteza ufulu wa munthu wamkulu wopita kutauni sikutanthauza kuvomereza kuti ana azitumizidwa ku ukapolo wa m'khitchini. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi aphunzitsi a kuderali azifunsa kumene wapita mwana amene wasowa m'kalasi.

Kandeu mwiniwake aphunzirepo kanthu pa zimene zachitikira Lilongwe, pakuti Lilongweyo anayambanso ali kamalo kakang'ono ka boma ndi malonda. Malo a malonda a m'boma la Ntcheu, monga Kandeu, Lizulu, Kampepuza, Bilila ndi Sharpevale, akukula. Mashopu akumangidwa mothinana m'mbali mwa msewu, nyumba za lendi zikuphuka kuseri, ndipo minda ikudulidwa kukhala mapuloti. Zikapitirira popanda woyang'anira, sipadzatsala njira, ngalande, malo a msika kapena a sukulu. Lamulo la mapulani a malo la mu 2016 linati dziko lonse la Malawi, midzi yomwe, liyenera kumangidwa motsata pulani. Ndondomeko ya boma ya mizinda ing'onoing'ono inasankha malo asanu ndi atatu, monga Karonga, Kasungu, Liwonde, Luchenza ndi Bangula, ndipo Ntcheu mulibe. Choncho Kandeu asadikire Capital Hill. Kuyeza misewu ndi kusunga malo a msika lero kungofuna woyeza malo, khonsolo ya Ntcheu ndi mafumu a kwa Ganya kukhala pamodzi. Kudzachita zomwezo nyumba zitamangidwa kudzafuna chipukuta misozi ndi kugumula makoma, zomwe zikulepheretsa kukonza Mtandire lero.

Kandeu wokhala ndi magetsi odalirika, msewu wodutsika dzinja, makina oyengera mafuta a mtedza ndi soya ndiponso msika waukhondo angasunge ena mwa achinyamata amene lero akukwera minibasi. Ena adzapitabe, ndipo palibe wowaletsa: ndime 39 ya malamulo aakulu a dziko lino imapatsa munthu aliyense ufulu woyenda ndi kukhala paliponse m'Malawi muno. Ndime imeneyo siinena kuti kupatula ku Lilongwe.

Zofunika kuchita n'zodziwika. Makhonsolo a Lilongwe ndi Blantyre aike Mtandire, Mgona, Kauma, Chinsapo, Ndirande, Mbayani ndi Bangwe m'mapulani ndi m'bajeti zawo monga madera okhazikika. Atsegule mapuloti otsika mtengo pamalo otetezeka asanayambe kuchotsa anthu m'mapiri ndi m'madambo. Afikitse mipopi, zimbudzi ndi galimoto zotola zinyalala kumene kuli khamu la anthu, ndipo boma libwezeretse mabasi a m'tauni lisanamange mlatho wina wodutsana pamwamba. Inunso a ku Kandeu amene muli ku Chinsapo, ku Area 36 kapena ku Ndirande, lembetsani kuvota kumene mumagona, dziwani dzina la khansala wanu, ndipo msonkhano wa dera lanu ukaitanidwa pitani mukafunse za mpopi, ngalande ndi msewu wa pakhomo panu.